Kuthandiza sukulu za mkaka m'madera osauka: mafunso amene timafunsidwa kawirikawiri

Mafunso ali m'munsimuwa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, ena pa WhatsApp, ena pamaso. Tawasanja kuyambira apafupi kukafika ovutirapo, ndiye mukaona yankho lina likukutumizani ku funso lina, pitani mukawerenge kumeneko.

Sukulu ya mkaka imene mukunenayi ndi yotani kwenikweni?

Ndi malo amene ana a zaka kuyambira 3 mpaka 5 kapena 6 amasonkhana maola angapo pa tsiku asanayambe pulaimale. Ena amati nasale, ena amati sukulu ya mmera mpoyamba. M'madera osauka nthawi zambiri imayambitsidwa ndi makolo eniake, mpingo, mzikiti kapena amayi angapo amene anatopa kuona ana akungoyendayenda m'misewu akuluakulu atapita kukasaka ndalama. Pamakhala mlezi mmodzi kapena awiri, ana ambirimbiri, ndi chipinda chobwereka.

Si nkhani yachilendo iyi. Maria Montessori, yemwe lero dzina lake limamveka pa sukulu zodula, anatsegula sukulu yake yoyamba mu 1907 ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mu mzinda wa Rome, ndipo ana ake anali a makolo omwe ankachoka m'mawa kupita ku ntchito kuwasiya okha.

Koma mwana wa zaka 3 angaphunzire chani? Si kungosewera basi?

Eya ndi kusewera, ndipo ndi momwemo mwana amaphunzirira. Ubongo wa mwana umakula mothamanga kwambiri m'zaka zoyambirira, moti pofika zaka 5 kapena 6 umakhala utafika pafupifupi 90 peresenti ya kukula kwa ubongo wa munthu wamkulu. Zimene amamva, kugwira ndi kuyankhulitsidwa nthawi imeneyi ndi zomwe zimamanga maziko.

Tangoyang'anani kamwana kakhala pansi ndi zitsekerero za mabotolo. Kakuika zofiira mbali iyi, zobiriwira mbali iyo, mlezi wagwada pafupi nkufunsa kuti "zambiri ndi ziti?" kamwanako nkuyamba kuwerenga ndi chala, kulakwitsa, kuyambiranso, mnzake nkubwera kudzalanda chimodzi, nkukangana pang'ono mpaka kugawana. Pa mphindi zochepa zomwezo pachitika masamu, chiyankhulo, kudikira ndi kukhala ndi anzako. Mwana amene wadutsa mu zimenezi akafika pulaimale sadabwa ndi pensulo, salira tsiku lonse, amadziwa kumvetsera munthu akamayankhula.

Pali umboni woti zimathandizadi kapena ndi nkhani za mabungwe pofuna ndalama?

Funso labwino ndipo musamaope kulifunsa. Umboni ulipo, wina wakalekale ndithu.

Ku America, m'tauni ya Ypsilanti ku Michigan, kuyambira 1962 anatenga ana 123 a m'mabanja osauka, ena anawalowetsa sukulu ya mkaka yabwino ena ayi, kenako nkumawatsatira mpaka atakwana zaka 40. Pulojekiti imeneyi imatchedwa Perry Preschool. Omwe analowa sukulu aja ambiri anamaliza sekondale, ankapeza ndalama zochulukirapo, komanso samamangidwa kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo aja. James Heckman, katswiri wa zachuma yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2000, atawerengetsa anapeza kuti ndalama zomwe zinalowa pamenepo zinkabweza phindu la pakati pa 7 ndi 10 peresenti chaka chilichonse.

Mwina munganene kuti kumeneko ndi kolemera. Chabwino. Ku Kingston m'dziko la Jamaica, m'zaka za m'ma 1980, azaumoyo ankayendera ana opinimbira m'makomo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20 anawo ankapeza ndalama zoposa anzawo ndi 25 peresenti. Ku Mozambique nakonso, m'chigawo cha Gaza, bungwe la Save the Children linathandiza midzi kutsegula sukulu za mkaka kuyambira 2008, ndipo kafukufuku wa World Bank anapeza kuti ana odutsa m'menemo ankalowa pulaimale mochuluka ndi 24 peresenti, pamene mtengo wake unali wosakwana madola atatu pa mwana pa mwezi. China chomwe anapeza nchoti amayi ndi ena olera anawo anapeza mpata wogwira ntchito zawo popeza mwana ali pa malo abwino.

Ndinamva kuti phindu lake limazilala ana akafika pulaimale. Nzoona?

Mbali ina nzoona, ndipo sitibisa. Pulogalamu yaikulu ya boma la America yotchedwa Head Start, yomwe inayamba mu 1965, itafufuzidwa anapeza kuti kusiyana kwa malikisi pakati pa ana olowamo ndi osalowamo kunali kutatha pofika kalasi yachitatu. Ngakhale ana a Perry aja mayeso a nzeru anadzafanana ndi a anzawo patapita zaka zochepa, koma phindu linadzaonekera mochedwa pa khalidwe, kumaliza sukulu ndi ntchito.

Ife timatengapo ziwiri. Sukulu ya mkaka yongosunga ana, mlezi ali phee pa mpando ana 70 akungobwereza a e i o u mofuula, siisintha zambiri. Komanso mwana akachoka pa malo abwino nkukagwera mu kalasi yothithikana yopanda buku, zina zomwe anapeza zimatayika. Ndiye nkhani si kungotsegula sukulu, nkhani ndi zomwe zikuchitika mkatimo, onani funso la alezi m'munsimu.

Imeneyi si ntchito ya boma? Bwanji tizisonkha ife?

Ndi ntchito ya boma ndithu. Mu 2015 maiko a mu United Nations analonjeza kuti pofika 2030 mwana aliyense azikhala ndi mwayi wa maphunziro a mmera mpoyamba, ndipo mu 2022 ku Tashkent m'dziko la Uzbekistan anagwirizananso zoti 10 peresenti ya bajeti ya maphunziro izipita ku gawo limeneli. Koma lonjezo ndi zochitika zatalikirana. UNICEF inanena mu 2019 kuti ana 175 miliyoni a msinkhu umenewu sanali pa sukulu ya mkaka ina iliyonse, kuti m'maiko osauka mwana mmodzi yekha mwa asanu ndi amene amalowa, ndipo maiko amenewa ankaika ndalama zosakwana 2 peresenti ya bajeti ya maphunziro.

Maboma ena anayesetsa, monga India yomwe ili ndi malo osamalira ndi kuphunzitsa ana ang'ono otchedwa anganwadi kuyambira 1975. Koma mwana wa zaka 4 lero sangadikire bajeti ya zaka zisanu zikubwerazo, nthawi imeneyo adzakhala atadutsa kale. Ndiye timathandiza uku tikukumbutsa boma udindo wake, ndipo sukulu iliyonse imene mukuthandiza ilembetsedwe ku ofesi yoyenera ya boma kuti izidziwika ndi kuyenderedwa.

Ndili ndi ndalama zochepa. Ndingathandizepo chani?

Zochepa zobwera mwezi ndi mwezi zimaposa zambiri zobwera kamodzi. Komiti yoyendetsa sukuluyo ikadziwa kuti pa mapeto a mwezi uliwonse kubwera kenakake olo kachepe, imatha kupanga pulani, imatha kulonjeza mlezi, imatha kugula sopo isanathe. Mphatso yaikulu ya kamodzi imasangalatsa tsiku lomwelo koma pakatha miyezi itatu zinthu zimabwerera mwakale.

Musanapereke funsani eni sukuluwo chomwe chikuwasowa, osawaganizira. Mudzadabwa kuti zomwe amatchula nthawi zambiri ndi zazing'ono, ndowa yokhala ndi mpopi yosambira m'manja, mphasa zokhalira, loko wa chitseko, choko, kaundula. Ngati ndalama mulibiretu, luso lanu ndi thandizonso. Kalipentala atha kukonza mabenchi, namwino atha kubwera kudzayeza ana sikelo, wodziwa za maakaunti atha kuphunzitsa msungichuma kulemba bwino buku la ndalama.

Bwanji mumalimbikira kwambiri za alezi? Si anthu ongodzipereka amenewa?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo tikhalitsapo pang'ono.

Sukulu ya mkaka ndi mlezi. Mutha kuchotsa denga, matebulo ndi zidole, mlezi wabwino akhalabe ndi sukulu pansi pa mtengo. Koma chotsani mlezi, mwatsala ndi chipinda chokhoma. Chodabwitsa nchoti pa bajeti za anthu othandiza, mlezi ndi amene amaiwalika, aliyense amafuna kugula chinthu chooneka chomwe angajambule, pomwe mayi amene akudzuka m'mamawa tsiku ndi tsiku kukapukuta mamina ana a eni, kutonthoza olira, kuperekeza ku chimbudzi, kuimba mpaka mawu kusasa, amangouzidwa kuti Mulungu akudalitseni basi.

Kudzipereka nkwabwino koma naye ali ndi ana ake ofuna kudya. Chimachitika nchoti amapirira chaka chimodzi kapena ziwiri, bungwe lina nkumuphunzitsa bwinobwino, kenako akapeza ganyu yolipira amachoka, ndipo simungamunene. Sukulu imatsala ndi munthu watsopano wosaphunzitsidwa, ana nkuyambanso kuzolowera nkhope ina, chonsecho ana ang'ono amaphunzira bwino kwa munthu amene amuzolowera ndi kumukhulupirira. Maphunziro onse aja apita naye.

Ndiye ngati mukutifunsa kuti ndalama yoyamba ipite kuti, ife timati alawansi ya mlezi, yodziwika kuchuluka kwake ndi tsiku lake, osati ya "tikapeza tidzakupatsani". Yachiwiri ipite ku maphunziro ake, ndipo asakhale a sabata imodzi mu holo kenako zii. Pazikhala munthu wodziwa amene azibwera kudzaona mmene akuphunzitsira, kukhala naye pansi ana ataweruka nkukambirana zomwe zayenda ndi zomwe zavuta. Bungwe la Aga Khan Foundation linayamba pulogalamu ya sukulu za mkaka za madrasa ku Mombasa mu 1986, nkudzafalikira ku Zanzibar ndi Uganda, ndipo mphamvu yake inali yomweyi, kuphunzitsa amayi a m'dera lomwelo nkumawayendera pafupipafupi. Bungwe la BRAC nalo ku Bangladesh, Uganda ndi Tanzania limaphunzitsa atsikana ndi amayi a m'mudzi momwemo kutsogolera ana pa masewera.

Kuchuluka kwa ana nakonso muziwerengera. Munthu mmodzi sangacheze ndi ana 60 mmodzimmodzi, angowalondera kuti asavulale. Nthawi zina thandizo lanzeru kuposa onse ndi kulipira mlezi wachiwiri.

Ine ndimafuna kumanga kalasi yabwino. Pali cholakwika?

Palibe cholakwika, ana amafunika malo osadontha, olowa mpweya ndi kuwala, otetezeka ku moto ndi magalimoto. Koma musanagule simenti yankhani izi kaye. Malowo ndi a ndani, ndipo zalembedwa? Zimachitika kuti nyumba yamangidwa pa malo a munthu, iye atamwalira abale nkuitenga kuisandutsa golosale kapena nyumba ya lendi. Adzaphunzitsemo ndani, ndipo adzalipidwa ndi chani? Malata akadzasasuka adzakonza ndani?

Ndipo ngati ndalama ndi zokwana chinthu chimodzi, yambani ndi chimbudzi ndi madzi. Chimbudzi cha akulu chimaopsa mwana, bowo lake ndi lalikulu, mkati ndi mwa mdima, ndiye ana amakathera kuseri kwa kalasi ndipo matenda otsegula m'mimba sachedwa. Cha ana chikhale ndi bowo laling'ono, chowala, chapafupi poti mlezi aziona, ndipo potulukira pakhale madzi ndi sopo pa msinkhu woti kamwana kafikire.

Nanga chakudya? Ena amati kupatsa ana chakudya kumazoloweretsa anthu kulandira.

Mwana wanjala saphunzira, amangogona kapena kulira. Mu 2022 ana osakwana zaka 5 okwana 148 miliyoni pa dziko lonse anali opinimbira kamba ka kusowa zakudya zoyenera, ndipo kupinimbira kumakhudzanso ubongo. Alezi ambiri angakuuzeni kuti tsiku lomwe moto wayaka kukhitchini ana amadzaza, chakudya chikatha amayamba kujomba mmodzimmodzi.

Nkhawa yozoloweretsayo ili ndi mfundo yake, ndiye njira yabwino ndi yogawana katundu. Othandiza agule zomwe zili zovuta kupeza, makolo azisinthana kuphika, kutunga madzi ndi kubweretsa zophikira, ndipo komwe malo alipo pakhale dimba la sukulu. Gulani chakudya kwa alimi ndi ogulitsa a m'dera lomwelo ngati nkotheka. Chomwe timakaniza ndi kuyambitsa chakudya mwamphamvu kwa miyezi iwiri nkusiya pakati, bola kuyamba masiku atatu pa sabata omwe mungakwanitse chaka chonse. Gwirizananinso ndi chipatala chapafupi pa za katemera, vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba, poti ana asonkhana kale malo amodzi.

Ndili ndi zidole, mabuku ndi zovala zomwe ana anga anasiya. Ndibweretse?

Funsani kaye. Zovala zabwino, mabuku a zithunzi zikuluzikulu, mabuloko a matabwa ndi mipira zimalandiridwa. Zidole za mabatire zimafa sabata yomweyo, zokhala ndi tizidutswa ting'onoting'ono mwana atha kumeza, ndipo zothyoka kale musabweretse, mwana wosauka si dzala. Ngati zikuchokera kutali werengetsani mtengo wotumizira, kawirikawiri ndalama imeneyo ikanagula zambiri pafupi.

Chinanso, zidole zokongola kwambiri zimatsekeredwa mu kabati kuopa kuti ziwonongeka, nkumatulutsidwa alendo akabwera okha. Pomwe zopangidwa ndi makatoni, nsanza, timiyala ndi mabotolo ana amazigwira tsiku lililonse chifukwa zikawonongeka mlezi apanga zina. Tsiku limodzi lophunzitsa makolo ndi alezi kupanga zimenezi limapindula kuposa katoni ya zidole zogula.

Makolo azilipira fizi pomwe ndi osauka?

Azisonkhapo kenakake, koma chisakhale chifukwa chobwezera mwana pa geti. Kholo limene laikapo kanthu, kaya ndi ndalama yochepa, kaya ndi tsiku logwira ntchito pa sukulupo, limafunsa mafunso, limabwera ku misonkhano, limadandaula mlezi akajomba. Zonse zikakhala zaulere sukulu imatchedwa "ya bungwe lija" ndipo ikagwa palibe amene amaidzutsa.

Koma samalani, fizi ndi yunifolomu zikakwera pang'ono, oyamba kusowa ndi ana omwe sukuluyo inatsegulidwira, amasiye, a mayi wodwala, a agogo okalamba. Komiti ikhale ndi mndandanda wachinsinsi wa ana osalipira, ndipo ngati mukufuna pothandiza, lipirirani malo amenewo. Yunifolomu ife sitiiona kufunika pa msinkhu umenewu.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalama zanga zikufikadi kwa ana?

Musatumize ku nambala ya munthu mmodzi, olo akhale wodziwika bwanji. Pakhale akaunti ya sukulu kapena ya komiti, yosainira anthu osachepera awiri omwe si pachibale. Pakhale buku lolemba zolowa ndi zotuluka, malisiti, ndi lipoti lomwe limawerengedwa pamaso pa makolo, osati lotumizidwa kwa inu nokha. Makolo akadziwa kuti mwezi uno kwabwera zakuti, amalondera bwino kuposa odita wochokera kutali.

Onaninso kaundula. Ana olembedwa ndi ana obwera ndi manambala awiri osiyana, ndipo ena amakweza loyambalo kuti thandizo lichuluke. Pitani kapena tumizani munthu tsiku wamba osalengeza, awerenge mitu, afunse mlezi payekha ngati analandira alawansi yake.

Ngati mukupereka kudzera ku bungwe, onani ngati linalembetsedwa mwalamulo ndipo limaonetsa malipoti a zachuma. Koma musathawe bungwe chabe poti lili ndi ndalama zoyendetsera ofesi, munthu woyendera sukulu uja amafunika thiransipoti ndi malipiro. Muzikayikira kwambiri amene akuti ndalama yonse mpaka yomaliza imafika m'manja mwa mwana, komanso amene amakwiya mukafunsa malisiti.

Ndikufuna kuthandiza mwana mmodzi yekha kuti ndizimudziwa. Zitheka?

Timamvetsa, mtima umagwira bwino ukaona nkhope. Vuto ndi loti mu kalasi imodzi mwana wina akakhala ndi nsapato zatsopano, chikwama ndi mphatso pomwe anzake 40 alibe, pamabuka nsanje pakati pa mabanja, ndipo osankhidwa amakhala owoneka bwino pa chithunzi osati ovutikitsitsa. Nchifukwa chake mabungwe ambiri akuluakulu olo amakupatsani dzina la mwana, ndalamayo amaiphatikiza kuthandiza dera lonse. Lipirirani malo monga tanenera pa funso la fizi, kapena tengani kalasi yonse ikhale yanu.

Ndingapite kukacheza ndi kujambula zithunzi zoika pa Facebook?

Kukacheza inde, mutapangana ndi komiti, ndipo mlendo asatsale yekha ndi ana, kaya ndi ndani, kaya wapereka zingati. Ili ndi lamulo loteteza ana ndipo limagwira aliyense, alezi omwe. Sukulu iliyonse yolandira thandizo ikhale ndi malamulo olembedwa, osamenya ana, osawatukwana, ndani amaloledwa kudzatenga mwana poweruka, ndipo nkhanza zikaoneka zikanenedwe kuti. Anthu ozunza ana amadziwa kuti malo osauka osowa thandizo ndi osavuta kulowamo ngati ubwera ndi mphatso.

Zithunzi pemphani chilolezo kwa makolo, osati kwa mwana. Musalembe dzina lonse la mwana ndi malo omwe amapezeka, musaulule matenda ake kapena zoti ndi wamasiye, musamujambule ali maliseche, akulira kapena ali mbuu kuti anthu amve chisoni. Dzifunseni ngati mukanalola mwana wanu kuikidwa choncho pa intaneti. Ndipo ana asasiyitsidwe maphunziro nkuimikidwa padzuwa maola awiri kuyembekeza kuimbira alendo.

Bwanji osangomanga nyumba ya ana amasiye kuti azigona konko ndi kudya bwino?

Ayi, apa timakana ndithu. Pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse okhala m'nyumba zoterezi ali ndi kholo limodzi kapena onse awiri amoyo, ndipo chomwe chinawapititsako kwambiri ndi umphawi. Ku Bucharest m'dziko la Romania, kuyambira chaka cha 2000 akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba zosungira ana, ena nkuwapereka ku mabanja. Opita ku mabanja anakula bwino m'nzeru ndi m'maganizo kuposa otsala, makamaka omwe anachoka asanakwane zaka ziwiri. Sukulu ya mkaka ubwino wake ndi womwewu, imapeputsa banja masana koma madzulo mwana amabwerera kwa anthu ake.

Ana olumala mumatani nawo?

Alandiridwe, ndipo osangodikira kuti abwera okha chifukwa ambiri amabisidwa m'nyumba. Wina apite kukacheza ndi makolo awo. Zofunika zambiri sizodula, khomo lopanda masitepe, mpando wothandiza kukhala tsonga, kumuika kutsogolo mwana wosamva bwino. Mlezi wophunzitsidwa amathanso kuzindikira msanga mwana amene akuchedwa kuyankhula kapena sakuona bwino nkumutumiza ku chipatala nthawi ikadalipo. Ngati mukufuna kuthandiza mwapadera, lipirani mayendedwe a ulendo wa ku chipatalawo, poti ambiri amalephera pamenepo.

Makolo akufuna ana aziphunzira Chingerezi kapena chiyankhulo china cha boma. Tizitsatira zimenezo?

Makolo sakulakwa kufuna zimenezi, akudziwa kuti ntchito zimafuna chiyankhulo chimenecho. Koma mwana wamng'ono amamvetsa, kufunsa ndi kuganiza m'chiyankhulo cha kunyumba, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, yakhala ikulimbikitsa zophunzitsa ana m'chiyankhulo chawo kuyambira 1953. Mwana woloweza mawu achilendo omwe sakuwamva amasangalatsa pa tsiku lotsekera sukulu koma mukamufunsa tanthauzo amangoti kukamwa yasa. Ayambe ndi chake, nthano, nyimbo, kuwerenga manambala, chinacho chizilowa pang'onopang'ono kudzera m'masewera. Othandiza apa mungagule kapena kusindikiza timabuku ta m'chiyankhulo cha anawo, timasowa kwambiri.

Tidziwa bwanji kuti sukulu imene tikuthandiza ikuyenda bwino?

Osati ndi mayeso, ana a msinkhu uwu salembetsedwa mayeso. Lowani mukhale pakona kwa ola limodzi. Ndani akuyankhula kwambiri, mlezi yekha kapena ana nawonso? Ana ali ndi zinthu m'manja? Mlezi amawadziwa maina? Mwana akalakwitsa chimachitika nchani, ndipo pali kamtengo kobisidwa kuseri kwa chitseko? Asamba m'manja asanadye? Kenako funsani ngati mlezi ndi yemwe uja wa chaka chatha, ndipo pitani ku pulaimale yapafupi mukamve kwa aphunzitsi a kalasi yoyamba ngati ana ochokera kumeneko amalowa pa msinkhu woyenera ndi kupitirira osabwereza.

Tithandize mpaka liti? Nanga tikadzasiya sizidzagwa?

Zambiri zimagwadi, ndipo zimagwa chifukwa tsiku losiya silinakambidwe poyamba. Nenani chilungamo kuyambira tsiku loyamba, kuti tithandiza kwa zaka zakuti, ndi ndalama zakuti, pa zinthu zakutizakuti, ndipo zilembedwe onse asaine. Chaka chimodzi nchochepa, zaka zitatu mpaka zisanu zimapatsa komiti nthawi yoima payokha. Thandizo lizitsika pang'onopang'ono pomwe gawo la makolo, la boma ndi la ena likukwera, osati kudula kamodzi ndi uthenga wa pa foni.

M'zaka zimenezo limbikitsani komiti, izisankhidwa ndi makolo, izisinthidwa nthawi ikakwana, amayi akhalemo ambiri ndipo abambo asasiyidwe kunja. Sukulu isadalire munthu mmodzi kapena bungwe limodzi. Mabizinesi ang'onoang'ono a sukulu amathandiza pa sopo ndi choko koma kawirikawiri sakwanitsa malipiro a alezi, ndiye pitirizani kugogoda ku maofesi a boma kuti alezi ophunzitsidwawo alowe pa mndandanda wa olandira malipiro kapena alawansi komwe dongosolo limeneli lilipo. Ndipo zikakuvutani inuyo pakati pa njira, ntchito yatha kapena matenda agwa, uzani komiti msanga, miyezi ingapo zisanachitike, kuti ipeze kolowera teremu isanayambe.